Ku Antarctica mphepo izoloweleka, koma katafunidwe ka mnzako ndiye nkhani

Sabata ino aliyense mu Lusaka alila mphepo. Pa siteshoni m'mawa anthu aimilila manja m'matumba, makondakita avala visote va ubweya mpaka kuphimba makutu, ndipo amai ogulitsa vitumbuwa akumbatila mbaula monga ni mwana wao. Ukapatsa munthu moni, yankho ni imodzi cabe: "Mphepo, mwandi." Koma ukayang'ana pa foni, ni madigili 8 kapena 9. Pamwamba pa zilo.

Manje mvelani iyi. Pa 21 July 1983, pa siteshoni ya asayansi a ku Soviet Union yochedwa Vostok, ku Antarctica, cipimo cinatsika mpaka madigili 89.2 pansi pa zilo. Difiliza ya m'bucha, ija iumitsa nkhuku kukhala monga mwala, imasewela pa 18 pansi pa zilo. Ndipo pa Vostok tsiku lija panali anthu. Anawelenga cipimo, analemba nambala m'buku, anapitiliza nchito.

Antarctica ni cimtunda ca aisi kumunsi kwenikweni kwa dziko. Ukakwela sitima ya pamadzi pa Cape Town na kuloza kum'mwela osakhota, ndiye kumene udzafika. Kulibe mudzi, kulibe mfumu, kulibe msika, kulibe mtengo olo umodzi. Mu 1959 maiko 12, kuphatikizapo South Africa, anasainilana pangano lakuti malo aja akhale a mtendele na sayansi. Nyengo yofundilako kumakhala anthu pafupi-fupi 5,000. Ikafika February ndeke na sitima ziyamba kubwelela, ndipo kutsala anthu ngati 1,000 cabe, omwazikana m'tumasiteshoni. Popeza ise na iwo tonse tili kum'mwela, June wathu ndiye June wao. Kuno dzuwa lifulumila kulowa. Kuja, mkati mwa cimtunda, silituluka n'komwe. Pa South Pole penipeni limalowa kamodzi pa caka, mu March, na kudzatulukanso mu September.

Mufunsa kuti afunako ciani? Nchito iliko, ndipo ina inafika kale m'khichini mwanu. Mu 1985 asayansi atatu a ku Britain, Joe Farman, Brian Gardiner na Jonathan Shanklin, anaulula kuti mpweya wa ozone, umene umatichinjiliza ku ceza coopsa ca dzuwa, unali kubooka pamwamba pa Antarctica. Anaziona cifukwa pa siteshoni ya Halley anthu anali kupima thambo mosalekeza kucokela ca m'ma 1950, nchito yotopetsa imene palibe anali kuiombela m'manja. Wolakwa anapezeka kuti ni gasi ya CFC ya m'mafiliji na m'zopopela. Mu 1987 maiko anagwilizana ku Montreal kuti aisiye. Ndiye cifukwa cake mmisili wokonza mafiliji lelo sakuikilani gasi imene anali kuika atate ake.

Ina ni yokumba mbili yakale. Pa siteshoni ya Concordia, imene France na Italy ayendetsa pamodzi, asayansi anabowola aisi monga mmene tibowolela borehole, kupitilila makilomita atatu pansi. Kuja sinoo ikagwa siisungunuka. Caka na caka ipanikizana, ndipo mkati mutsekeka tuthovu twa mpweya wa nthawi imeneyo. Aisi imene anatulutsa pansi penipeni inali ya zaka 800,000, ndipo tuthovu tunaonetsa kuti pa zaka zonsezo mpweya wa carbon dioxide sunapitilile magawo 300 pa miliyoni. Lelo uli pamwamba pa 420. Mu January 2025 gulu lina pafupi na pamenepo linalengeza kuti lafika pa aisi ya zaka 1.2 miliyoni. Cabwino, izo tiwasiyile maprofesa.

Ine camene canigwila mtima ni anthu amene atsala kuja ndeke yothela ikanyamuka. Pa Concordia amatsala 12 kapena 13, pa mtunda wokwela mamita opitilila 3,200, pamene mpweya ni wocepa cakuti kukwela masitepe cabe uyamba kupuma monga unali kuthamangila basi. Kucoka February mpaka November palibe ndeke ingatele. Dzuwa limasowa miyezi itatu na kupitililako. Neba wao wapafupi ni Vostok uja, makilomita pafupi-fupi 600. Bungwe la ku Europe loona za m'mlengalenga, ESA, limatumizako dokota caka ciliconse kuti azipima anzake magazi, tulo na maganizo, cifukwa umoyo wa kuja ufanana na wa anthu amene adzayenda ulendo wa ku Mars. Ndipo zoona, munthu wa pa International Space Station akadwala angamutsitse pansi tsiku limodzi. Wa pa Concordia ayembekeza November.

Nanga dokota mwini wake akadwala? Funsani za Leonid Rogozov. Anali na zaka 27, dokota yekhayo pa siteshoni ya Novolazarevskaya mu 1961, pamene kathumbo kaja ka appendix kanatupa. Ndeke kulibe, sitima inapita kale. Usiku wa pa 30 April anagona cotsamila, anadzilasa nyeleti yoletsa kuwawa pamimba, na kudzing'amba yekha. Dalaivala anamugwilila galasi, wopima nyengo anali kumupatsila zitsulo. Galasi inamusokoneza cifukwa ionetsa zinthu mopindula, conco mbali yaikulu anacita mofufuza cabe na zala. Pafupi-fupi maola awili, akamva cizungulile apumula pang'ono, apitiliza. Patapita masabata awili anabwelela pa nchito. A ku Australia safuna zosewela: dokota wao wokakhala nyengo ya mdima kuja ayamba wacotsa appendix kwao, olo kuti siimuwawa.

Mu 1999 dokota wa ku America, mai Jerri Nielsen, anapeza cotupa m'bele lao ali pa South Pole, siteshoni itatsekedwa kale. Anadziceka okha kanyama kopimitsa mothandizidwa na anzao amene sanali madokota. Mankhwala a khansa anaponyedwa na ndeke pa palachuti mu July, mumdima, ndipo anawagwilitsa nchito mpaka October pamene ndeke inakwanitsa kutela.

Izo ni nkhani zikulu-zikulu, zamene akonda a mafilimu. Koma madokota a maganizo amene afufuza anthu a kuja akamba cinthu cimodzi mobweleza-bweleza: mphepo izoloweleka. Uvala zovala zisanu, ukhala mkati, basi. Cimene cimathyola munthu ni nkhope zimodzi-modzi, nthabwala zimodzi-modzi, pa tebulo imodzi, miyezi 9, kopanda kothawila.

Richard Byrd, msilikali wa pamadzi wa ku America amene anatsogolela maulendo angapo kuja, anasimba za mwamuna wina amene sanali kukwanitsa kudya akamaona mnzake wina pa tebulo. Mlandu wa mnzakeyo? Anali kutafuna ka 28 asanameze. Palibe anabelana ndalama, palibe anatengelana mkazi. Kutafuna cabe. Imwe amene munakhalapo na mlamu amene anabwela ati "masabata awili cabe, ba sisi" ndipo manje ni mwezi wa seveni, mudziwa kuti si zoseketsa. Poyamba ni munthu wabwino maningi. Pa mwezi wacitatu olo mmene atsegulila citseko cikubaba.

Byrd anaiopa kwambili nkhani iyi. Mu 1934 panafunika anthu okakhala m'kanyumba kokwililika mu aisi, makilomita pafupi-fupi 200 kucoka pa msasa waukulu, kuti azipima nyengo. Katundu wokwanila anthu atatu unalephela kufika, ndipo anthu awili anaona kuti adzadana. Makolo athu amati kali kokha n'kanyama, ali awili ni anthu. Byrd anawelengela mopindula: anapita yekha.

Anatsala pang'ono kufa, koma osati na mphepo. Sitovu yake na kajeneleta ka wailesi zinali kutulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide m'kanyumba kotsekeka. Mutu kuwawa, cizungulile, kusanza, kukomoka. Akazimya sitovu auma; akayatsa adzipha pang'ono-pang'ono. Anabisa matenda ake pa wailesi kuopa kuti anzake angafele panjila pomulondola mumdima, koma mauthenga ake anayamba kusokonekela mpaka iwo anadziwa okha kuti zinthu sizili bwino. Anamufikila na thalakita mu August, atakhala yekha kucoka kumapeto kwa March. Apa niimeko pang'ono, cifukwa mpweya umene unagwetsa Byrd ni umodzi-modzi na wa m'mbaula ya malasha imene ena a imwe mulowetsa m'cipinda usiku uno na kutseka mawindo. Sununkha, suoneka, ungokugoneka. Othani moto, koma pokagona mbaula itsale panja. Tiyeni tibwelele ku aisi.

Amene apyola nyengo yonse ya mdima amadwala katenda kalibe cilonda. Tulo tumasokonekela, cifukwa thupi limadalila dzuwa kuti lidziwe nthawi yogona. Munthu apeza tulo 04 hours, auka 14 hours. Amaiwala mau pakati pa nkhani. Ena amangoyang'ana cipupa maso ali gwa, osaona kanthu, ndipo kuja anacipatsa na dzina, ati "Antarctic stare". Kukwiya pa tunthu tung'ono-tung'ono ndiye osakamba. Ofufuza ena anaona kuti kambili nthawi yovuta kwambili imabwela pamene wangopitilila pakati. Poyamba zonse ni zatsopano, ujambula vithunzi. Pothela uwelenga masiku. Koma ukafika pakati na kuzindikila kuti zonse zimene wapilila zikali kutsogolo zina zofanana nazo, mtima umagwa. Anaicha "third quarter", gawo lacitatu pa magawo anai. Aliyense amene anamangapo nyumba, yafika pa window level ndalama n'kutha, aidziwa nthawi iyi.

Ubongo weniweni umasintha. Mu December 2019 magazini ya madokota ya New England Journal of Medicine inafalitsa zimene zinapezeka pa gulu la anthu 9 amene anakhala miyezi 14 pa siteshoni ya Germany ya Neumayer III. Anawajambula ubongo na makina a MRI asanapite na atabwela. Kagawo kena ka hippocampus, kamene kathandiza kukumbuka na kudziwa njila, kanacepa na pafupi-fupi 7 pelesenti. Anthu 9 ni ocepa, tisathamange nazo. Koma ganizo la ofufuza linali lakuti ubongo umafota ukamaona cinthu cimodzi-modzi: zoyela pansi, zoyela kutsogolo, anthu omwewo.

Ndipo nkhani iyi si ya azungu cabe. South Africa ili na siteshoni yake, SANAE IV, pamwamba pa cimwala ca Vesleskarvet, makilomita pafupi-fupi 4,000 kucoka ku Cape Town, ndipo sitima ya S.A. Agulhas II imasiyako gulu latsopano caka ciliconse. Mu March 2025 manyuzipepa a kumeneko anadzaza na nkhani yakuti mmodzi wa anthu 9 a pa siteshoni anatumiza uthenga wopempha thandizo, ati mnzao wamenya mtsogoleli wa gulu ndipo ena akhala mwamantha. Boma linati mkangano unayambila pa kusintha pulogilamu ya nchito cifukwa ca nyengo. Onse anali atapimidwa maganizo asananyamuke. Boma silinatumize ndeke yokatenga munthu: akatswili a maganizo anakamba nao ali kutali, woimbidwa mlandu analemba kalata yopepesa, ndipo onse anapitiliza kukhala m'nyumba imodzi. Ganizilani kupempha mcele kwa munthu amene munamunenela ku boma.

Nanga amapulumuka bwanji? Mankhwala ake ni akale-kale. Mu 1898 sitima ya Belgica inagwidwa mu aisi, ndipo anthu ake anakhala oyamba kupyola nyengo ya mdima ya Antarctica, osakonzekela. Mmodzi anamwalila mumdima muja, ena anasokonezeka mutu, ambili nkhama zinatupa na matenda obwela cifukwa cosowa zipatso na ndiwo zamasamba. Dokota wao, Frederick Cook, anawalamula kudya nyama yatsopano ya penguin na seal olo inunkhe bwanji, kukhala pafupi na moto woyaka kuti thupi lione kuwala, na kutuluka kukayenda mozungulila sitima. Wacinyamata wina wa m'sitima ija, Roald Amundsen, anaphunzila bwino: mu December 1911 ndiye anatsogolela gulu loyamba kuponda pa South Pole.

Mpaka lelo ni zomwezo, kungoti manje kuli malaiti apadela na jimu. Kuuka nthawi imodzi olo kunja kuli bii. Aliyense, profesa kapena makanika, ali na tsiku lake lotsuka mbale na kukolopa toileti. Pa South Pole kusamba ni mphindi ziwili, kawili pa sabata, cifukwa dontho lililonse ni aisi yosungunulidwa na mafuta ocokela kutali. Apa ise a kabeseni tingawaphunzitseko. Wophika ndiye mfumu ya siteshoni, munthu wosafunika kumukwiyitsa. Pafupi na Neumayer III mu 2018 anayesa kulima m'kontena, popanda dothi, popanda dzuwa, ndipo anakolola makilo opitilila 250 a letesi, tomato, nkhaka na zina. Colinga cinali kuphunzila kulima m'mlengalenga, koma kwa anthu a pa siteshoni kuona cabe cinthu cobiliwila na kumva fungo lake inali kale phindu.

Kuli na misala yake. Pa South Pole ndeke yothela ikanyamuka, otsala amakhala pansi na kuonelela The Thing, filimu yoopsa ya anthu otsekeledwa pa siteshoni ya ku Antarctica amene ayamba kuphana. Ati kudzilimbitsa mtima. Ndipo cipimo cikafika pa 73 pansi pa zilo, ena amalowa m'kacipinda ka nthunzi kotentha madigili 93, ndiye atuluka cintako, nsapato cabe kumapazi, kukazungulila cizindikilo ca South Pole. Anthu ophunzila, a madigili a ku yunivesiti. Awe mwandi.

Koma pa 21 June, tsiku limene ise sitiliwelengela n'komwe, kuja ni Khisimasi yao. Ni pakati penipeni pa mdima. Amavala masuti, aphika cakudya capamwamba, masiteshoni atumizilana moni na vithunzi. Pa masiteshoni a Britain aliyense amatola dzina la mnzake pasadakhale na kumupangila mphatso na manja ake, ya matabwa, citsulo kapena nsalu, mobisa. Niona nzelu pamenepo. Ungatole dzina la uja wotafuna ka 28, ndipo uyenela kuthela masabata uganizila cimene cingamukondweletse.

Manje apa ndiye podabwitsa. Ungaganize kuti anthu otele amabwela atawonongeka. Ena inde: Lawrence Palinkas na Peter Suedfeld, amene afufuza nkhani iyi kwa zaka zambili, analemba mu The Lancet mu 2008 kuti pafupi-fupi anthu 5 pa 100 alionse amafika podwala maganizo kwenikweni. Koma ambili amabwela akamba zina. Ati manje adzidalila, sakwiya msanga, adziwa cimene angapilile. Palinkas anatsatilanso asilikali a pamadzi a ku America amene anakhalako nyengo ya mdima, na kuwalinganiza na anzao amene anapimidwa na kupasa koma sanatumizidwe. Pa zaka zotsatila, amene anapitako ndiwo anagonekedwa m'cipatala mocepelako.

Tisanamizane: anthu aja amasankhidwa, amalipilidwa, ndipo adziwa tsiku lobwelela. Si cimodzi-modzi na munthu amene umphawi wamupanikiza m'cipinda cimodzi na anthu 7 popanda tsiku lothela, ndipo sinifuna kumva wina ati mavuto amakulitsa munthu. Mavuto ambili amangopweteka. Camene niona ine n'cakuti ku Antarctica njila zonse zimene ise tithawila zinatsekeka. Kuno ukayambana na munthu umubloka pa WhatsApp, upita ku bala, usamuka komboni, usintha chalichi. Kuja, uja wamene wamutukwana m'mawa ndiye yekha adziwa kukonza jeneleta, ndipo jeneleta ikazima nonse mwafa. Ndiye yekha angakugwilile galasi. Uphunzila kupepesa msanga, kukamba cinthu cikali cing'ono, na kuvomela kuti nthawi zina mnzako atafuna monga mmene atafunila masiku onse, koma iwe ndiwe sunagone masiku atatu.

Kubwela nako kuli na zake. Ku aisi kulibe fungo, zonse n'zouma gwa. Conco amene atsika ndeke ku Christchurch ku New Zealand, kapena sitima ku Cape Town, amasimba kuti coyamba kuwamenya ni fungo la dothi na udzu. Ena aimilila m'shopu osadziwa cosankha, mitundu ya sopo yaculuka. Ena aiwala kuti cakudya cimalipilidwa. Ndipo ena, pakapita miyezi yocepa, alembanso kalata yofunsila nchito yomweyo.

A pa Concordia akatsiliza phwando lao la pakati pa mdima, ndiye kuti alowa m'gawo lija lacitatu. Dzuwa adzaliona mu August, kamutu cabe m'mphepete mwa thambo, ndipo adzatuluka panja pa 60 kapena 70 pansi pa zilo kukaliyang'ana. Ndeke yoyamba ni November. Imabwela na nkhope zatsopano na bokosi ya zipatso na ndiwo zamasamba, ndipo munthu amene sanaone lalanje miyezi 9 amayamba walinunkhiza asanalisende.